Kodi pepala lingakhale chidakwa? Tanthauzo la mawu akuti bibulous

"Aphunzitsi, ndine mnyamata wa zaka 21, ndili chaka choyamba pa maphunziro a za labotale ku Lilongwe. M'buku lomwe timatsatira pochita mapulakitiko muli mzere wakuti 'blot dry with bibulous paper'. Nditayang'ana mawu akuti bibulous mu dikishonale ya pa foni, inandiuza kuti ndi munthu wokonda kumwa mowa. Anzanga ena akuti olemba bukulo analakwitsa, ena akuti ndi pepala loviikidwa mu spirit. Pena ndinapeza kuti amatanthauza chinthu choyamwa. Tsono zoona n'ziti? Komanso ndikulemba kalata yopempha thandizo la fizi ku bungwe lina lakunja, ndipo ndimafuna kulembamo kuti 'I am a bibulous learner', kutanthauza kuti ndimayamwa nzeru msanga. Kodi zili bwino?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa kalatayo isanapite. Ndiyambe ndi chachangu: mzere wa bibulous learner uchotseni. Chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku, koma usapite choncho. Za buku lanulo, khazikani mtima pansi. Olemba sanalakwitse, dikishonale ya pa foni yanu sinaname, ndipo pepalalo silinaviikidwe mu spirit kapena mu china chilichonse. Ndi pepala louma gwa. Mawuwa ali ndi matanthauzo awiri, onse oona, ndipo onse amachokera pa mneni mmodzi wotanthauza kumwa. Musadziderere poona kuti anakusokonezani. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zoposa makumi awiri, nthawi yambiri kwa ophunzira za umoyo ngati inu, ndipo mawu amenewa ngakhale eni chinenerocho ambiri sawadziwa. Munthu atha kubadwira ku London, n'kukalamba asanawatchulepo.

Chomwe chimandisangalatsa pa mawuwa n'chakuti Mchewa savutika nawo akangowaona bwino, chifukwa ife timaganiza chimodzimodzi. Kumbukirani amayi akagula mtsuko watsopano kwa woumba. Akathiramo madzi madzulo, m'mawa amapeza atsika pang'ono, kunja kwa mtsukowo kuli chinyontho, koma palibe pena pong'aluka. Amati chiyani? Amati mtsukowu ukumwa madzi. Mmisiri womanga nyumba amayamba wanyowetsa njerwa zowotcha asanaziyale, ndipo mukamufunsa amati zikapanda kutero zimamwa madzi a m'simenti, khoma n'kukhala losagwira. Mvula yoyamba ikagwa pa dothi la mchenga, pakangopita ola limodzi pamakhala ngati sipanagwe kanthu, mlimi n'kunena kuti nthaka yamwa onse. Ndipo tsiku lomwelo, pakamwa pomwepo, timati abambo a uje amamwa. Sitiwonjezera kuti amamwa chiyani. Aliyense amadziwa kuti sitikunena thobwa. Mneni mmodzi yemweyo, kumwa, akunyamula mtsuko, njerwa, nthaka ndi munthu wa mowa, ndipo palibe amene amasokonezeka. Bibulous ndi chimodzimodzi. Ndi mfotokozi wotanthauza chinthu kapena munthu wokhala ndi khalidwe lomwa. Chikakhala chinthu, chimamwa madzi kapena inki. Akakhala munthu, amamwa mowa.

Gwero lake ndi Chilatini, chinenero cha Aroma. Kumwa iwo ankati bibere, ndipo kuchokera pamenepo anapanga mfotokozi wakuti bibulus. Kumapeto kwakeko, kuja kwa ulus, kumasonyeza chizolowezi. N'chifukwa chake mu Chingerezi muli credulous, munthu wokhulupirira zilizonse msanga, ndi garrulous, munthu wolongolola. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi yomwe imasiyanitsa bibulous ndi drunk. Bibulous sanena za munthu amene waledzera lero. Amanena za munthu amene kumwa ndi khalidwe lake, kaya pa nthawiyo waledzera kaya ali bwinobwino.

Aroma omwewo ankagwiritsa ntchito mawuwa mbali zonse ziwiri. Alakatuli awo, monga Virgil, ankanena za bibula harena, mchenga womwa madzi, chimodzimodzi mlimi wathu uja. Pepala la gumbwa losakonzedwa bwino, lomwe inki inkangomwazikamo, ankaliti charta bibula. Mbali ya mowa nayo inalipo. Mnyamata wina dzina lake Tiberius Claudius Nero, yemwe pambuyo pake anadzakhala mfumu ya Roma, ali ku usilikali anzake anamupotozera dzina n'kumamutcha Biberius chifukwa chokonda vinyo. Bibulus linalinso dzina la banja. Mu chaka cha 59 Khristu asanabadwe, akuluakulu awiri olamulira Roma anali Julius Caesar ndi Marcus Calpurnius Bibulus. Awiriwa sankagwirizana, moti Bibulus anadzitsekera m'nyumba miyezi yambiri ya chakacho, Caesar n'kumalamulira yekha. Dzinalo silikutanthauza kuti mwini wakeyo anali chidakwa. Linali la makolo, monga momwe kwathu kuno munthu amatha kukhala ndi dzina lomwe tanthauzo lake linkakhudza agogo ake.

Mu Chingerezi mawuwa analowa cha m'ma 1670, ndipo tanthauzo lomwe analowa nalo ndi la chinthu choyamwa madzi ngati siponji. Tanthauzo la munthu wokonda mowa linadzayamba kuoneka m'zolemba patapita zaka pafupifupi 200, cha m'ma 1860. Ndiye kuti buku lanu la ku labotale ndi lomwe lasunga tanthauzo lakale. Koma lachiwirilo linakula n'kuphimba loyamba. Lero Mngerezi wowerenga kwambiri akamva bibulous, chomwe chimamubwerera msanga ndi botolo. Tanthauzo la kuyamwa linatsalira m'malo ochepa: m'malabotale, m'mabuku a sayansi, ndi m'zikalata zolembetsera zinthu zatsopano zomwe akatswiri apanga, momwe kapepala koyamwa ka m'zida zoyezera mkodzo kapena magazi amakatcha bibulous material. Madikishonale ang'onoang'ono a pa foni amasankha tanthauzo lomwe anthu ambiri amakumana nalo, lina lija n'kulisiya. Apa ndi pomwe inu munakodwa.

Pali chinthu china chomwe ndimakonda kuuza ophunzira anga, ndipo nthawi zonse amadabwa. Mbale wake wa mawu amenewa ali kale m'kamwa mwathu. Mukamva anyamata akuti tiyeni tikapeze bibida, kapena mukawerenga m'nyuzi kuti mkulu wina anagwidwa atakhuta bibida, mawu amenewo ndi bebida wa Chipwitikizi, kutanthauza chakumwa. Bebida amachokera pa mneni wakuti beber, ndipo beber ndi bibere yemwe uja wa Chilatini. Apwitikizi anakhazikika ku Tete ndi ku Sena m'mbali mwa Zambezi kuyambira m'ma 1500, ndipo Chichewa chinatolako mawu angapo: nsapato, mbatata, vinyo, kachasu, kalata. Kalata ndi carta wa Chipwitikizi, ndipo carta ndi charta uja wa Aroma, pepala. Choncho charta bibula, pepala lomwa lomwe buku lanu likuti bibulous paper, mbali zake zonse ziwiri zili ndi abale mu Chichewa, wina kalata, wina bibida. Mawu amodzi anayenda ulendo wopita ku England, ena anadzera ku Portugal n'kukwera Zambezi, ndipo akumana pa tebulo lanu la mapulakitiko ku Lilongwe. Ine zimenezi sizindikwana kuziganizira.

Abale ake ena mu Chingerezi mumawadziwa kale. Imbibe ndi kumwa kapena kuyamwa. Ngati munaphunzira bayoloji kapena za ulimi ku sekondale, munakumana ndi imbibition, pomwe mbewu youma imamwa madzi n'kufufuma isanamere, zomwe mumaziona mukaviika nyemba usiku wonse. Beverage, chakumwa, anadzera ku Chifalansa chakale koma muzu wake ndi womwewu. Kansalu kovala mwana pachifuwa akamadya phala, komwe Angerezi amati bib, kanachokera pa mneni wakale wakuti bibben, kumwa pafupipafupi. Ndipo mu Baibulo la Chingerezi la King James la 1611, pa Mateyu 11:19, pomwe adani a Yesu ankamunena kuti ndi wosusuka ndi womwaimwa vinyo, mawu omwe anaikidwapo ndi winebibber. Koma Bible weniweniyo, pamodzi ndi bibliography, si abale a bibulous ngakhale akufanana poyambira. Amenewo ndi a Chigiriki, biblion, kutanthauza buku. Ndikutchula izi chifukwa ndinaonapo wophunzira ataganiza kuti bibulous ndi munthu wokonda kuwerenga mabuku. Musawasokonezenso ndi bilious, omwe inu a chipatala mudzakumana nawo. Amenewo ndi a ndulu. Potchula, mphamvu muziika poyambirira: BI-byu-las.

Tsopano tibwere ku pepala lanu. Pepala lililonse ndi ulusi wa zomera wopanikizidwa pamodzi, ndipo pakati pa ulusiwo pali timipata tosaoneka ndi maso tomwe timakoka madzi, monga chingwe cha koloboyi chimakokera parafini kuchoka pansi. Likangosiyidwa choncho, pepala lililonse limamwa. Kuti pepala lolembapo lisamwe inki, ku fakitale amalithira mankhwala otseka timipatato, kale ankagwiritsa ntchito guluu wa zikopa ndi mafupa, kenako utomoni wa mitengo ndi sitachi. Bibulous paper ndi pepala lomwe silinathiridwe zimenezo, ndipo ulusi wake sunapanikizidwe kwambiri. Ife amene tinalembako ndi zolembera za inki yothira timalikumbukira bwino pepala la mtundu umenewu. Ukamaliza mzere, inki ili chinyezimire, unkaika kapepala kokhuthala pamwamba n'kusindikiza pang'ono ndi chikhatho. Ukachotsa, zilembo zako zili pa kapepalako zotembenuka ngati pa galasi, koma m'kope zili zoyera bwino. Ukalakwitsa n'kukhula m'malo mosindikiza, tsamba lonse linkada. Angerezi amaliti blotting paper, ndipo blot wa m'buku lanu ndi yemweyo: kuumitsa pogunditsa, osapukuta.

La ku labotale limabwera ngati kabuku kakang'ono ka masamba oyera omatidwa mbali imodzi. Chomwe chimalisiyanitsa ndi mapepala ena oyamwa n'chakuti silisiya timaulusi. Ndikuganiza kuti mzere womwe mwaugwirawo uli kumapeto kwa Gram stain, njira yopaka utoto mabakiteriya kuti aoneke pa microscope, yomwe dokotala wa ku Denmark, Hans Christian Gram, anaipeza mu 1884 akugwira ntchito ku Berlin. Mwathira crystal violet, kenako iodine, mwatsuka ndi alcohol kapena acetone, mwathira safranin, mwatsukuluza ndi madzi. Slide yanu, galasi laling'ono lomwe mwapakapo zoyezazo, ili yonyowa, ndipo mukufuna kuiona pa lens ya microscope yokuza ka 100 yomwe imafuna dontho la mafuta otchedwa immersion oil. Mafuta ndi madzi sizigwirizana. Mukadonthezera mafuta pa galasi lonyowa, chithunzi chimachita chifunga, mabakiteriya osaoneka bwino. Ntchito ya pepalalo ndi kumwa madzi otsalawo msanga.

Ine si katswiri wa labotale, koma ndakhala zaka zambiri ndikuthandiza anzanga a ntchito imeneyi kulemba malangizo m'Chingerezi chomveka, ndipo ndaimapo pambali pawo n'kumaona. Slide amailowetsa pakati pa masamba awiri a kabukuko, n'kutseka, n'kudina pang'ono ndi zala. Sasuntha, sakhula. Akatsegula, pa tsambalo pamakhala chizindikiro chofiirira cha kukula kwa slide. Zolakwika zomwe anzangawo amadandaula nazo kwa ophunzira atsopano ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka. Wina amakhula ngati akupukuta mbale, zomwe anapaka pa galasi zija n'kuchoka, ntchito ya theka la ola n'kupita pachabe. Wina amadina mwamphamvu galasi n'kusweka m'manja. Wina, pofuna kusunga mapepala, amaumitsira slide yachiwiri pa tsamba lomwe laumitsa kale ina. Ichi ndiye choopsa, chifukwa tizilombo ta wodwala woyamba tingasamukire pa slide ya wachiwiri, munthu n'kupatsidwa zotsatira zomwe si zake. Tsamba likagwira ntchito kamodzi ling'ambidwe, litayidwe mu bini ya zinyalala zopatsirana matenda.

Mudzapezeka pa malo pomwe kabuku kameneka kulibe, chifukwa zipatala zathu tikuzidziwa. Musathamangire tishu ya ku chimbudzi. Imamwa madzi inde, koma imasiya ulusi womwe pa microscope umaoneka ngati zinthu zomwe palibe, ndipo imamatirira. Filter paper yoyera imathandiza, ndipo njira yosalakwika ndi kuimika slide mopendekera pa choumitsira kuti iume yokha ndi mpweya. Zimatenga nthawi koma siziwononga kanthu. Dziwaninso kuti si slide iliyonse yomwe imaumitsidwa ndi pepala. Za makhololo poyeza chifuwa chachikulu ndi za magazi poyeza malungo malangizo ake amati ziume zokha. Ndipo pepala lomwali si lopukutira ma lens a microscope. Limakanda. Ma lens ali ndi pepala lawo lofewa, lens paper. Kapepala komwe amadonthezerapo magazi a khanda poyeza HIV, komwe a chipatala amati DBS, nakonso n'komwa, koma kanapangidwa mwapadera kuti kazimwa muyeso wodziwika wa magazi, ndipo sikalowedwa m'malo ndi pepala lina. Pa zonsezi, mawu omaliza ndi a aphunzitsi anu a mapulakitiko ndi malangizo olembedwa a labotale yomwe mukugwiramo. Ngati zomwe ndanenazi zikusiyana ndi zomwe zapachikidwa pa khoma pamenepo, tsatirani za pa khomazo ndipo mufunse wamkulu wa labotale chifukwa chake.

Kunja kwa dzina la pepalali, simudzafuna mawu akuti bibulous pofotokoza chinthu choyamwa. Absorbent ndi wokwanira ndipo aliyense amamumva. Porous ndi chinthu chokhala ndi timabowo, monga mtsuko uja. Hygroscopic ndi chinthu chokoka chinyontho kuchokera mu mpweya, monga mchere womwe umanyowa wokha m'nyengo ya dzinja. Pa mayeso, mukafunsidwa kuti bibulous paper n'chiyani, yankho n'lakuti ndi pepala loyamwa kwambiri, losasiya ulusi, loumitsira ma slide.

Nanga akanenedwa munthu? Apa m'pofunika khutu. Bibulous ndi mawu a m'mabuku ndi m'nyuzi zikuluzikulu, makamaka za ku Britain. Mudzawapeza m'nkhani zofotokoza mbiri ya munthu amene wamwalira, wolemba akufuna kunena kuti malemuwa ankaukonda mowa popanda kunena mwachipongwe. Mudzawapezanso pofotokoza chochitika: a bibulous lunch ndi nkhomaliro yomwe zakumwa zinachuluka kuposa chakudya, a bibulous evening ndi madzulo omwe anthu anamwa kwambiri. Mawuwa amakhala ndi kakumwetulira mkati mwake. Salemera ngati drunkard, omwe ndi onyoza, ndipo si a chipatala ngati alcoholic, omwe amanena za matenda. Tipsy, drunk, inebriated ndi intoxicated onse amanena za mmene munthu alili pa nthawiyo, pomwe bibulous, monga ndanena, ndi khalidwe. Mawu otsutsana nawo ndi abstemious, munthu wodziletsa pa zakudya ndi zakumwa, kapena teetotal, wosalawa n'komwe.

Pomasulira mu Chichewa, ine sindingaike chidakwa pokhapokha nkhani yonse ikusonyeza kuti wolembayo akudzudzula. Chidakwa ndi mawu olemera, a munthu amene mowa wamugonjetsa. Chiledzerere ndi mbiyang'ambe n'chimodzimodzi, amaluma. Oyandikira kwambiri ndi aja timanena pa maliro kapena pokumbukira munthu: ankaukonda, sankaukana, anali munthu wa chikho. Mawu omwe amanena zoona koma atavala ulemu. Komabe musapusitsidwe ndi ulemuwo. Kumutcha munthu wamoyo bibulous m'kalata, m'lipoti kapena pa Facebook ndi kumunena kuti amamwa mopitirira. Kuti mawuwo ndi achilendo sikuchepetsa mlandu. Akakafufuza tanthauzo lake adzakwiya kawiri, poyamba chifukwa mwamunena, kachiwiri chifukwa munayesa kubisa. Ndipo mukadzayamba ntchito ku chipatala, mawu amenewa asadzalowe m'zolemba za wodwala. M'menemo mumalembedwa zomwe zayezedwa ndi zomwe wodwalayo wanena, kuti amamwa chiyani, wochuluka bwanji, kangati pa sabata. Mfotokozi woweruza khalidwe la munthu alibe malo m'fayilo.

Tsopano kalata yanu. Maganizo anu ndawamva, ndipo si opusa. Mwaona kuti pepala limamwa inki, mwati nanenso ndimamwa nzeru, ndipo mwafuna mawu amodzi osonyeza kuti Chingerezi mumachidziwa. Vuto n'lakuti bibulous akangoima pambali pa dzina la munthu, tanthauzo la mowa ndi lomwe limapambana, nthawi zonse. Taganizirani mu Chichewa. Mutalemba kuti ndine wophunzira womwa kwambiri, ndani angaganize kuti mukunena za nzeru? Wowerenga kalata yanu ku bungwelo ali ndi mulu wa makalata patsogolo pake. Akawadziwa mawuwo, adzawerenga kuti mnyamata wopempha fizi akudzitcha yekha wokonda mowa. Akakhala wachifundo adzazindikira kuti mwalakwitsa, koma adzazindikiranso kuti mwatola mawu omwe simukuwadziwa. Akapanda kuwadziwa, adzayang'ana pa foni yake n'kupeza zomwe inu munapeza poyamba. Njira zonsezi palibe yokupindulirani.

Ndikunena izi mtima ukundipweteka chifukwa ndinazionapo. Zaka zapitazo mtsikana wina wanzeru kwambiri m'kalasi langa anapemphedwa kulemba mawu othokoza mlendo wolemekezeka. Pofuna mawu okulirapo kuposa famous, anatsegula buku la mawu ofanana matanthauzo n'kusankha notorious, osadziwa kuti amenewo ndi kutchuka ndi zoipa. Sanandionetse, chifukwa ankafuna kuti ndidzadabwe naye pa tsikulo. Anawerenga pa gulu, holo yonse inangoti zii, mlendoyo anayang'ana pansi. Mwanayo analira madzulo onse, ndipo panapita nthawi asanalimbenso mtima kuyankhula pa gulu. Cholakwa chinali changanso, chifukwa ndinali ndisanawaphunzitse kuti mawu awiri atha kukhala pa mzere umodzi m'buku koma osalowana m'malo. Kuyambira pamenepo ndimauza ophunzira anga kuti mawu atsopano uyambe wawaona m'ziganizo zisanu kapena khumi za anthu ena usanawaike mu chako. Pa bibulous, mukachita zimenezo, mudzapeza kuti pafupifupi zonse zokhudza anthu zili ndi vinyo kapena mowa pafupi.

Chodabwitsa n'chakuti mbale wake uja, imbibe, amalola zomwe inu mumafuna. Mngerezi amatha kunena kuti munthu imbibed malingaliro ena kuchokera kwa makolo ake, ndipo palibe amene amaganiza za mowa, chifukwa chomwedwacho chatchulidwa. Koma ngakhale amenewo ndi olemera pa kalata yopempha thandizo. An eager learner, a quick learner, kapena an avid reader ndi mawu omveka ndipo sangakupachikeni. Kuposa apo, ine ndikanakonda kuti mfotokozi mumusiye n'kunena zomwe mwachita. Aliyense wolemba kalata yotere amadzitcha wakhama. Ochepa ndi amene amasonyeza. Mwandilembera chifukwa mawu amodzi m'buku la mapulakitiko sanakupatseni tulo, munafunsa anzanu, munafufuza malo awiri, simunakhutire mpaka mutafunsanso. Khalidwe limenelo ndi lomwe a bungwelo akufuna kuona. Lembani magiredi anu, lembani mapulakitiko omwe mwachita, lembani chomwe chinakukokerani ku ntchito ya labotale, m'ziganizo zazifupi zomwe mungathe kuzinena pakamwa atakuimbirani foni.

Pa za madikishonale, ya pa foni ndi yothandiza pa changu, koma mukakumana ndi mawu omwe tanthauzo lake silikugwirizana ndi chiganizo chomwe mukuwerenga, chimenecho ndi chizindikiro chakuti pali tanthauzo lina lomwe yabisa. Pitani ku yaikulu. Ya Merriam-Webster ndi ya Collins zimapezeka pa intaneti mwaulere ndipo zimapereka matanthauzo onse awiri a bibulous, pamodzi ndi gwero lake ndi ziganizo za chitsanzo. Ku laibulale ya pa sukulu panu funsaninso dikishonale ya mawu a za chipatala, chifukwa mudzakumana ndi mawu ambiri a mtundu umenewu, omwe ku labotale amatanthauza china, kunja china. Culture, medium, stain, fix, mount, onsewa muwakumana nawo chaka chino chisanathe ngati simunakumane nawo kale.

Kalata yofunika ngati imeneyi isachoke m'manja mwanu isanawerengedwe ndi munthu wina. Ipititseni kwa mphunzitsi wanu wa communication skills, kapena kwa wina aliyense amene analembapo makalata otere n'kupambana, ndipo mumupatse masiku angapo, osati usiku womaliza. Ngati bungwelo likufuna kuti zikalata zina zimasuliridwe kuchoka mu Chichewa, monga kalata ya amfumu kapena ya ku mpingo, musamasulire nokha ndi foni. Pezani womasulira wodziwa ntchitoyo ndipo mufunse bungwelo ngati likufuna chidindo. Anzanu aja amene amati pepalalo n'loviikidwa mu spirit, mawa mukawatengere kabukuko, mung'ambe tsamba limodzi, mudonthezepo madzi, aone okha mmene dontholo likulowera n'kufalikira mozungulira.